Tofi ndi mpando wa khushoni

Mpaka lero Amayi Busa akabwera kwathu ku Ndeke amayamba asuzumira pansi pa mpando asanakhale. Mlandu wake ndi wanga, ndiye lekani ndiulule.

Chaka chimene migodi inkagulitsidwa, ine kalaliki wa kosungira zipangizo ndinali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti tikapume. Mzungu amene ndinkagwira naye ntchito nayenso ankalongedza. Tsiku lotsazikana, mnzanga wina anamusiyira njinga, wina wailesi. Ine anandipatsa katoni yobowolabowola, ndipo mkatimo munali maso awiri ndi ubweya. Dzina lake Tofi.

"Bashi Chisomo, ichi n'chiyani?" anafunsa mayi akunyumba, poti bambo a Chisomo amanditchula choncho. "Galu kapena chokolopera?"

Ndinawapempha kuti kagaluko kakhale sabata imodzi. Iwo ndiwo ankatidyetsa tsopano ndi mtedza wogulitsa pamsika, choncho mawu awo anali lamulo: kagalu kopanda ntchito kalibe malo pakhomo pano.

M'katoni muja munalinso kabuku kothothoka chikuto. Ine ndine munthu wosadutsa pepala osaliwerenga (ndinamalizapo buku lonse la kakonzedwe ka firiji, firijiyo tilibe), ndiye ndinakhala nako pansi pa mtengo wa mapeyala. Kanati agalu amenewa ndi a mtundu wa teriya, ndipo makolo awo ankawetedwa ndi anthu a m'migodi ndi m'mafakitale ku Mangalande, ntchito yawo kupha makoswe. Ena ankayenda nawo m'thumba la jekete. Ndinamuyang'ana Tofi, iyenso n'kundiyang'ana kudzera m'ubweya wake. Chapatali mulu wakuda wa zotaya za mgodi unali phee, utsi wa pachumuni utatsala kamzere chabe. Ndinati mumtima: mnzanga, nawenso ndiwe wamgodi wopanda mgodi.

Masiku amenewo ndinkayenda ngati ndili m'maloto. M'mawa ndinkamupesa, poti kabukuko kanati ubweya wake umangokula ngati tsitsi la munthu, ukapanda kupesedwa umapotana. (Chipeso chinali cha mayi. Anadziwa Lachitatu.) Ubweya wa pamphumi ndinkaumanga ndi kansalu kuti aziona njira. Masana ndinkamutsekulira chipinda cha matumba a mtedza, kumene makoswe ankadya ngati anagulamo masheya, ine n'kukakhala pampando wanga wa pabalaza, uja wa khushoni, kumaganizira azibambo ovala zisoti akutsika pansi ndi tiagalu m'matumba.

Khoswe woyamba Tofi anadzamuika pamiyendo panga. Ndinamupatsa kachidutswa ka chitumbuwa. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Koma uchitsiru wanga, umboni ndinkautaya kudzala mayi asanaweruke, ndipo ndikawauza ankangoti, "Awe, inu mumalota masana."

Loweruka, tsiku lomaliza la sabata ija, kunabwera amayi a mpingo kudzapemphera nafe za ntchito yanga. Mwambo mukuudziwa: mlendo wolemekezeka amakhala pampando wa bambo. Amayi Busa anakhazikika pa khushoni yanga, bulauzi yoyera kuti mbee, ine n'kudzipanikiza pa kampando pakhomo. Tonse titatseka maso, ndinamva timapazi pasimenti. Ndinatsekula diso limodzi. Tofi, kansalu kali pamutu, ankabwera monyadira, mchira wa khoswe ukukwakwa pansi. Sanandicheukire n'komwe, khosweyo anakamuika pamiyendo pa Amayi Busa. Sabata yonse ndinkayesa ndikumuphunzitsa kubwera kwa ine, pomwe iye ankaphunzira mpando.

Pempherolo silinafike pa ameni. "Mayo! Mwe Lesa!" anakuwa Amayi Busa m'Chibemba, chimene amati amangochimva, ndipo ndinangoona ali kale pakhonde, nsapato imodzi itatsala m'nyumba. Tofi anakhala pansi mwaulemu, kudikira chitumbuwa chake.

Alendo atapita, mayi anaima nthawi yaitali akuyang'ana khoswe uja, wonenepa ndi mtedza wawo.

"Mwati ndi wachingati ameneyu?"

"Wachisanu ndi chimodzi, Amake Chisomo."

"Galuyu akhala. Chipesocho ndamupatsa, wachigwirira ntchito. Nsapato iyi mukapereka nokha mawa kutchalitchi, ndipo mukafotokoza nokha."

Ndinakaipereka, anthu akuseka kuseri kwa mabuku a nyimbo. Motero Tofi anapeza ntchito ine ndisanapeze, ndipo anaigwira zaka zambiri popanda womuuza kuti akapume. Ndikanati ndinaphunzirapo kusamala ndi timabuku totola, koma dzulo pamsika wa Masala ndapeza kena, ka kawetedwe ka njuchi. Mayi sindinawauze.