Bedi la Amayi Linakasamba M'ngalande

Sunthirani kuno mipandoyo, abale, ndipo kapu yangayi musaiyang'ane ngati simukuidziwa. Mumandinena kuti ine Sjaak ndine wamwano, sindivulira munthu chipewa. Ndinavulapo kamodzi, inu, ndipo Amsterdam yense anaombera m'manja.

Amayi atatisiya, achemwali anga a Truus anaganiza zosandutsa nyumba yawo ya m'mphepete mwa ngalande ija kukhala hotela. Anaitana katswiri wokongoletsa zipinda, dzina lake Quirijn, mnyamata amene akafika pakhoma amatsinzina kaye kuti amve zimene khomalo likufuna.

"Zonsezi zituluke," anatero. "Chipinda chiyenera kupuma."

Ine ndakalambira pamsika wa zinthu zakale, sindinaonepo chipinda chokhala ndi mapapo. Koma zaulere sindikangana nazo. Ndinamasula bedi la amayi, la thundu, lolemera ngati mlandu, n'kukaliponya m'shedi mwanga.

Katswiri anayamba ntchito. Makoma oyera, denga loyera, pansi poyera, mpaka mphaka wa achemwali anasamuka poopa penti. Nyale yake, babu limodzi lolendewera pawaya. Tikukula ife, zimenezo timazitcha umphawi. Masiku ano akuti ndi luso.

Tsiku lotsegulira litayandikira, katswiri anakumbukira kuti alendo amabwera mumzinda muno kudzaona zakale. Chipinda chapamwamba anali atachisungitsa kale akwati atsopano ochokera ku Canada, ndiye kunkafunika bedi "lokhala ndi mzimu". Mzimu ndinali nawo m'shedi. Ndinalipaka khofi wakuda, ndinaboola timabowo ngati ta chiswe, ndipo poti linkalira ukalikhudza, ndinamata mfundo zonse ndi guluu womatira maboti.

Quirijn atabwera analisisita ngati khanda.

"Munalipeza kuti, bambo?"

"Kubanja lina lolemekezeka. Panabwera chitsiru china chinalitaya."

"Anthu ena alibe maso!"

"Mwanena ndinu, bwana."

Ndinatchula mtengo woti munthu wanzeru akanatuluka osatsanzika. Iye anawonjezera.

M'mawa wa tsiku lotsegulira ndinafika nalo pakhomo. Achemwali anangoliyang'ana kamodzi.

"Iwe Sjaak, si bedi la amayi ili?"

"Tsitsani mawu, achemwali, mukugwetsa mtengo."

"Akulipira ndani, galu iwe? Si ine? Tamvera. Akwati aja akufika madzulo ano. Akagona pansi, hotela yanga yafera m'dzira, ndipo iwe usadzapondenso pakhomo pano."

Masitepe a nyumba zathu mukuwadziwa, munthu wonenepa amakwera chammbali. Katundu amadzera pazenera, pachingwe chokolekedwa pambedza ya kunja kwa denga, monga anachitira makolo. Ine ndinagwira chingwe pansi, katswiri anakwera kukalandira. Ndinakoka, ndinakoka, msana ukulira kuposa mmene linkalirira bedi, mpaka linafika pamwamba penipeni. Ndiye ndinangoona katswiri akugogoda galasi chamkati ngati nsomba ya m'botolo. Kenako anatulukira pakazenera kachimbudzi.

"Bambo, ndaiwala! Zenera lija ndinasintha. Ili silitseguka!"

"Silitani?"

"Ndinkafuna kuwala kuzilowa mosadukiza!"

"Kuwala kwalowa. Akwati akagona pakuwalako?"

"Tsitsani, timasule, lidzere pamasitepe!"

"Ndamata."

"Mwatani?"

"Ndi guluu wa maboti, bwana. Mumafuna lolimba."

Amati mutu umodzi susenza denga. Sananene kuti mitu iwiri ngati yathuyi singasenze ngakhale bedi.

Tili mkati molalatirana, bedi likuvina ndi mphepo kumwambako, panatulukira boti la alendo odzaona mzinda, lodzaza thothotho. Wowafotokozera anaimitsa boti, n'kukuwa pachimkuzamawu:

"Kumanja kwanuko, mwayi wosowa! Onani mmene makolo athu ankakwezera katundu kalekale. Agogo amenewo ndi mmodzi mwa otsiriza odziwa luso limeneli!"

Agogo! Koma inu, mafoni onse anandiloza ine. Anthu amene anayenda ulendo wonsewo kudzaona nyumba yachifumu, matchalitchi ndi zojambula za akatswiri, anatembenukira Sjaak. Mtsikana wina wachipewa chofiira anafuula kuti ndimwetulire. Ndinamwetulira. Anaombera m'manja. Tsono munthu woleredwa bwino akamuombera m'manja amatani? Amavula chipewa.

Chipewa chimavulidwa ndi dzanja. Dzanjalo linali pachingwe.

Fyuu! Bedi linatsika mosapuma, linatera ndi miyendo iwiri, ndipo pano ndilemekezeni, guluu wanga sanagonje. Linanjanja lathunthu, linakokolola njinga ya munthu, n'kudumphira m'ngalande. Phava! Theka la boti linabatizidwa. Anaomberanso m'manja, poganiza kuti zimenezi zinali m'kati mwa tikiti.

Madzulo akwati anafika. Mkwatibwi anali yemwe uja wa chipewa chofiira, tsitsi likadali lonyowa. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko, achemwali akundiyang'ana ndi maso amene amayi ankasungira masiku a lamba. Koma katswiri ndi katswiri, abale. Anali atayala matiresi pansi, kandulo pambali.

"Kuno sitiika chilichonse pakati pa munthu ndi mbiri ya nyumba," anatero.

Akwati anagwira pamtima. Kutacha analemba pa intaneti kuti sanagonepo malo ozama chonchi, ndipo lero chipinda chopanda bedicho ndicho chodula kwambiri m'hotela monse. Achemwali anandikhululukira, atamaliza kundikhuthula m'matumba.

Bedi lija analivuula anthu amene ntchito yawo ndi kuwedza njinga zogwera m'ngalande. Linatuluka lakuda bii, matope ndi tizigoba ponseponse. Katswiri ataliona anatsala pang'ono kulira. Pano lili polandirira alendo, lozunguliridwa ndi chingwe chofiira, ndipo pali chikwangwani: "Linavuulidwa m'ngalande. Musakhudze." Alendo amaima pamzere kulijambula.

Tsiku lina ndinangotsamirapo kuti ndimange nsapato. Achemwali anakuwa ali kukauntala:

"Iwe! Sukuwerenga? Ndi chinthu chakale chimenecho, chinavutika ndi madzi!"

Madzi! Kundiuza ine, amene ndinayamba kulinyowetsa bedi limenelo ngalande isanaganize n'komwe.