Chotupa cha pa Tayala ndi Chambo cha Apongozi

Mpaka lero ndikafika ku Namwera, apongozi anga aamuna, a Jafali, amayamba azungulira galimoto kenako n'kundilonjera. Ndinaziyamba ndekha.

Vuto langa ndi chidwi. Chinthu chikayamba kuwonongeka anzanga amathamangira kukonza, koma ine ndimafuna ndione mathero ake. Tayala lakutsogolo litachita ming'alu m'mbali ngati chidendene cha m'chilimwe, ndinkagwada m'mawa kuliyang'anitsitsa. Mano ake anali akadali akuya, nanga likalamba bwanji? (Galimotoyo inakhala zaka padzuwa la pa Nkope ndisanaigule, koma izo sindinaziike m'mutu.) Kenako panatuluka chotupa. Ndinkachidina ndi chala, n'kumadabwa kuti m'katimo muli chiyani.

"Bambo a Shakira, tayala limeneli lidzatipweteka," anatero mkazi wanga.

"Dikirani kaye, mwina chiphwa chokha."

Tsiku lokaona makolo ake linafika. Ulendo wam'mbuyo ndinapita chimanjamanja, ndipo mawu anandipeza akuti mkamwini wa kunyanja sadziwa nsomba. Ulendo uno ndinagula chambo chonona n'kuchimangirira pagalasi la m'mbali kuti chizipitidwa mphepo, monga timachitira tonse kuno.

Tili pakati pa chitunda cha Chowe, phuu! Galimoto inadzandira, mkazi wanga akufuula, mpaka tinakaima m'mbali mwa msewu. Mantha ndinachita, ndisaname. Koma mtima utangotsika ndinalowetsa mutu kunsi kwa galimoto. Timawaya tadzimbiri tinali panja, labala ikuyoyoka ndikangoikhudza.

"Mayi a Shakira, tabwerani mudzaone! Linali litaola kale!"

"Tasiyani zimenezo, anyani akutenga nsomba!"

Podzuka ndinagunditsa mutu. Mwini ntchitoyo anali atakhala kale pamwala, akudya chambo changa modekha. Tayala lapadera nalo linali lophwa, lokalamba kuposa linzakelo. Tinakwera matola, ine nditagwira luzi lokhalokha.

A Jafali anamvetsera nkhani yonse osandidula. Ine ndinkangolimbikira za nyani.

"Nsomba zisiyeni, baba. Chotupacho munachiona liti?"

"Papita nthawi ndithu."

"Ndiye mwana wanga n'kumukweza momwemo?"

Ndinangowerama. Manyazi amene ndinamva pakhonde paja sindidzawaiwala.

Matayala ndinasintha onse sabata yomweyo. Lophulikalo ndinalisunga kuseri kwa nyumba, chifukwa sindinamalize kulionetsetsa.