Lilime Langa ndi Ufa wa Yusufu

Iwe amene ukusekera m'kapu ya tiyiyo, seka, mano ndi ako. Koma ukatha kuseka ukwere njinga upite ku Chiponde, ukapeze munthu aliyense wa imvi, ukamufunse kuti lilime la ine Che Bwanali linali lotani. Zaka zonse zimene ndinapalasa kabaza pa malire paja, a kasitomu sankavutika ndi kumasula matumba, ankangoitana ine, ndinkanyambita pakona pa thumba kamodzi kokha n'kuwauza kuti muli mchere, wachokera kunyanja ya ku Mozambique, unayanikidwa masiku asanu ndi anayi, tsiku lachitatu kunagwa kamvula, ndipo amene anasoka thumbalo ndi wamanzere komanso anali atakangana ndi mkazi wake m'mawa umenewo. Mukumva? Pali ndevu zangazi, sindinaphonyepo.

Nkhani ya ufa inabwera ndi mlongo wanga Abiti Saidi. Anandipeza pakhonde ndikumata chubu, anakhala pansi moni osamaliza, n'kuyamba kulira. Mwana wake Yusufu, bambo wa zaka makumi atatu, wonyamula matumba a chimanga ku depoti, mkazi wake ali woyembekezera, anali atalowa gulu la onyamula zitsulo kuseri kwa msika. Zitsulozo sizinali vuto. Vuto linali ufa wina wa m'chigubu umene ankasungunula m'madzi n'kumwa asanayambe kunyamula. Chiyambireni kumwa, manja ankamunjenjemera, nkhope ankaikanda ngati wagwera m'chitedze, tulo tinamuthawa, ndipo Lachisanu la sabata imeneyo anagwa panjira akupita ku mzikiti, atagwira pachifuwa.

"Achimwene, mwanayu ndi wanu," anatero mlongo wanga. "Ine ndikalankhula akuti ndine wachikale. Tidikire kuti mwana wake abadwe wamasiye?"

Kwathu kuno mwana wa mlongo wako akafa ndi chinthu chimene iwe malume wake unachiona, anthu pamaliro amayang'ana iwe. Koma ndisakunamizeni, pamwamba pa manthawo panali chidwi. Ndi ufa wanji umene ungagwetse munthu wosenza matumba awiri paphewa limodzi? Lilime linayamba kundiyabwa.

Ndinawapeza dzuwa lili paliwombo, amuna asanu, akubuula pansi pa zitini za simenti youma zolumikizidwa ndi chitsulo cha galimoto yakufa. Chigubucho chinali pa benchi, chakuda, chonyezimira, chojambulidwa munthu wopanda khosi, ndipo kumbuyo kwake kunali tizilembo ta Chipwitikizi ndi Chingerezi tating'ono zedi. Ndinachitembenuza n'kunena mumtima kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

"Amene anakugulitsa ufawu, analawa iwe ukuona?" ndinamufunsa Yusufu.

Inu a masiku ano munaiwala. Kwathu munthu akamakupatsa thobwa amayamba wamwako yekha, ndipo sing'anga weniweni amanyambita kaye mankhwala ake, kuti udziwe kuti m'chikho mulibe chiwembu. Yusufu anaseka mpaka anzake anaika zitsulo pansi.

"Amalume, izi ndi za sayansi, si thobwa. Mwini shopu samwa, akuti magazi ake amathamanga."

"Nanga umathira masupuni angati?"

"Analemba imodzi. Ine ndimathira atatu, thupi langa ndi lalikulu."

Safunsa anadya phula. Ndinatsina kaufa pang'ono, ndinaika pa lilime, ndinatsinzina, ndipo zonse zimene zinali m'menemo zinafola pamzere monga anthu pa chigayo, chilichonse n'kumadzitchula chokha. Kutsogolo kunabwera kutsekemera, koma kutsekemera kwachilendo kosadziwa nzimbe, moti nditawaza pansi nyerere zinabwera, zinanunkhiza, zinachita msonkhano, n'kusamuka dera lonselo. Pambuyo pake panabwera chowawa chija chimene chimakhala mu khofi ndi mu tiyi, Yusufu anawerenga pa chigubu kuti kafini, koma si kafini wa m'kapu yako iwe, anali ngati atenga munda wonse wa tiyi wa ku Thyolo n'kuufinyira mu supuni imodzi. Kenaka m'mbali mwa lilime munayamba kulasalasa, milomo kuyabwa, makutu kutentha, iye akuti dzina lake ndi beta-alanini, ine ndinati ameneyo ndi chitedze chopita kusukulu. Panalinso kena kokhala ngati mchenga wosalala, kiriyetini, koma ameneyo ndinamukhululukira, chifukwa lilime linamuzindikira kuti amapezeka mu nyama ndi mu nsomba momwe, ndi mnansi wathu wakale. Utoto wokha unandidetsa lilime kukhala labuluu, mpaka mwezi wathunthu ndikayasamula ana ankati kunja kwacha bwino.

Koma kumapeto kwenikweni, kukhosi uku, kunatsala chinthu chimodzi chimene chinakana kudzitchula. Ndinachizunguliza uku, ndinachizunguliza uko, chili chete. Zaka zonse zija lilime langa linali lisanakanidwepo. Ndinauza Yusufu kuti awerenge mzere womaliza, ndipo anawerenga mochedwa, n'kumasulira kuti akuti ndi msakanizo wawo wachinsinsi, sanena kuti muli chiyani kapena chochuluka bwanji. Mukumva? Munthu akukupatsa chikho, kulawa wakana, kutchula zimene wathiramo wakananso, iwe n'kumati zikomo.

Ndinati tifunse ziweto. Tambala wa mayi wogulitsa mandasi anatola kambewu kamodzi kothira ufawo, ndipo analira kulira kwa tsiku limenelo, kwa mawa lake ndi kwa sabata yonse nthawi imodzi, mpaka nkhuku zonse za pa boma zinaikira mazira ophikaphika chifukwa cha changu. Mbuzi inanyambita supuni, inayang'ana lole ya matumba imene inali itatitimira m'matope kwa masiku awiri, inaigunda kamodzi, loleyo anakaipeza ku Liwonde. Madzi amene tinatsukira supuniyo anatsikira mu ngalande n'kulowa mu Shire, ndipo pali njinga yangayi, masana amenewo asodzi anaona usipa ukuthamangitsa ng'ona, ng'ona ikukwera mtengo wa mango ikupempha anthu kuti aithandize. Koma zonsezi sizinandiuze dzina la chinthu chobisika chija, pakuti mbuzi silankhula.

Ndiye ndinati, popeza mwini ufa anakana kulawa, alawa ndi malume. Ndinathira masupuni atatu, chimodzimodzi mmene ankachitira Yusufu, ndinavundula, ndinamwa mpaka pansi pa kapu iye akuyesa kundigwira dzanja.

Abale anga, mtima unagunda kamodzi, mabatani onse a malaya anauluka, limodzi linakaswa galasi la minibasi pa siteji, ndinadumphira pa njinga, ndinapalasa kawiri ndili pa mlatho wa Shire, kachitatu ndili m'mapiri a ku Chowe ndikupitirira njinga zamoto pokwera mtunda, tcheni chafiira ngati makala moti mayi wina wa m'mbali mwa msewu anaotchapo chimanga ndikudutsa, chithunzithunzi changa chinalephera kundipirira n'kutsalira pa mlatho chikupuma wefuwefu, pa Chiponde msilikali anakweza chidindo ndili ku Malawi, pochitsitsa ndili ku Mandimba, ndinadutsa Cuamba, ndinadutsa Nampula, ndinafika pa nyanja yamchere mabuleki osagwira, ndinangopalasa pamwamba pa madzi nsomba zikupatuka, lilime lili kutsogolo likutsata fungo la chinthu chija monga galu wa mlenje, mpaka ndinakaima pakhomo pa fakitale yake kutsidya kwa nyanja, matayala akufuka utsi. Mukumva? Ndinalowa osagogoda. Mwini fakitale ndinamupeza atakhala pa mpando wofewa, munthu wowonda ngati ine ndemwe, akudya nthochi, pambali pali kapu ya madzi wamba. Ndinamuikira chigubu patebulo n'kumuuza kuti alawe. Anapukusa mutu. Ndinamufunsa kuti chobisikacho n'chiyani, ananong'ona kuti naye sadziwa bwinobwino, amagula kwa wina, winayonso amagula kwa wina. Ndinamulanda nthochi imodzi n'kubwerera, ndipo pa Namwera ndinakumana ndi chithunzithunzi changa chikadakwera mtunda, ndinachikweza pa kaliyala n'kubwera nacho.

Mukuyang'ana Yusufu chifukwa chiyani? Inde, ndi uyo wakhala apoyo ndi mwana pamwendo. Musamufunse, iye amaifotokoza moipa nkhaniyi. Iye amati nditamwa ndinayenda mapazi atatu kulunjika pa njinga, ndinagwira pachifuwa, n'kugwa chafufumimba m'fumbi. Amati anandibereka kumsana n'kuthamanga nane mpaka kuchipatala, chigubu chili m'khwapa, akulira mokweza pamaso pa anzake onse a zitsulo aja. Amati namwino ndi amene anawerenga tizilembo tija, nanena kuti supuni imodzi yokha ili ndi mphamvu ya makapu angapo a khofi, kuti zina zimene zili m'menemo palibe angazidziwe popeza sanazilembe, kenaka anamuyeza iyenso mtima n'kumufunsa ngati akufuna kudzamuona mwana wake. Za mbuzi ndi ng'ona amati sanazione. Anali kuyang'ana kumbali, ndi vuto lake.

Mwaona kuti chiyambire ndakhala ndikulumbira pa ndevu ndi pa njinga, zinthu zoti zikapsa palibe angalire. Tsopano ndilumbira kamodzi kokha. Wallahi, pali Mulungu, pamene ndinkavundula kapu ija ndinkaopa, chifukwa ndinkadziwa kuti mtima wanga ndi wokalamba ndipo mwina sudzabwerera. Koma mnyamatayu mawu a mayi ake anawakana, kugwa kwake komwe anakukana, ndipo ndinaona kuti chimene chatsala ndi chakuti aone ndi maso ake munthu wina akugwa. Nditatsegula maso pa bedi paja ndinamupeza atagwira phazi langa ndi manja onse awiri, manja aja onyamula zitsulo, akungoti amalume, amalume, ngati kamwana kotayika pa msika. Musadzayesere zimene ndinachitazo, namwino anandikalipira masiku atatu, ndipo anali ndi chifukwa.

Zitsulo akunyamulabe, koma asanayambe amadya nthochi ndi mtedza, n'kumwa madzi. Chigubu chija anachitsuka, mkazi wake amasungiramo mchere. Mwana ali pamwendoyo dzina lake ndi Bwanali, ndipo chilichonse chimene wapeza amayamba waika pa lilime.

Koma za ku fakitale musandichotsere. Thupi linali pa bedi, chabwino, nanga ndani wa inu anaona kumene ndinali ine mwini wake? Tayang'anani pansi apo, chithunzithunzi changa mpaka lero chimatsalira m'mbuyo ndikamayenda. Iwe woseka uja, ukundipatsa tiyi? Zikomo. Yamba wamwako iwe.