Phiri la ku Springburn

Lolemba

Ndayamba! Sabata yonse ino ndikupemphera kuphiri m'mawa uliwonse, monga tinkachitira ku Blantyre ndili mtsikana.

Amene andiputa ndi Mayi Kachingwe, mkulu wa amayi kutchalitchi kwathu. Dzulo anaima kutsogolo n'kunena kuti, "Akhristu a ku Glasgow mwazizira kuposa mpando wa pa siteji ya basi." Zinandilasa, chifukwa masiku ano ndikagwada tulo timafika Ameni asanafike. Ndiye ndinadzuka n'kulonjeza pamaso pa mpingo wonse, mu Januwale muno, kuti Lamulungu ndidzabwera ndi umboni. Pakamwa pangapa!

Vuto ndi loti kuno ku Springburn, kumene timakhala, kulibe phiri. Kuli kachitunda kupaki. Mulungu sayeza ndi tepi.

Zida zankhondo:
- masokosi anga, pamwamba pake a bambo a Tadala
- juzi, juzi ina, jekete
- chipewa, duku pamwamba pa chipewa
- chitenje cha msonkhano wa amayi, chomangira zonsezo

Ndikuyenda ngati thumba la makala. Ana akupita kusukulu koma kunja kudakali bii. Pamwamba ndagwada pa udzu wonyowa. Maondo afa, zala zafa, koma ndapemphera mpaka Ameni. Aleluya!

Lachiwiri

Mvula ya kuno sigwa kuchokera kumwamba, imachokera m'mbali.

Ndakweza manja onse awiri kuti nditamande, ambulera yauluka. Ndaiona ikulowera cha ku Maryhill kumene amakhala Mayi Kachingwe. Ikafika iwauze kuti ndinalipo.

Pemphero lafupika. Abale a kumudzi ndawaphatikiza onse m'mawu amodzi, "Ambuye, mukuwadziwa."

Masana kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndayetsemula mpaka agogo ena andipatsa bulangete lawo.

Lachitatu

Lero kunali mphamvu. Maso nditatseka, ndikufuula kuti Ambuye ndikhudzeni, ndamva chinthu chofunda patsaya. Mtima phaa! Kutsegula maso, galu. Chigalu chaubweya, lilime panja, chikundiyang'ana ngati tinaphunzira limodzi.

Ndakuwa m'Chichewa. Mwini wake, mdala wa ndodo, wabwera akupepesa, kenako akuti, "You awright, hen?"

Nkhuku! Ine, mayi wa ana awiri, msungichuma wa kwaya!

Bambo a Tadala aseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Akuti kuno mayi akamutchula choncho ndiye kuti amukonda. Dziko lake ndi limeneli, galu amagona pabedi, mayi ndi nkhuku.

Lachinayi

Madzi onse aundana, njira yasanduka galasi. Ndakwera mpaka pakati, kenako phiri landibweza. Ndatsika ndi matako, chitenje chang'ambika pomwe panali chithunzi cha nkhunda.

Ndakhala pabenchi ya m'munsi kudikira kuti manyazi athe. Mdala wa galu uja watulukira ndi fulasiki ya tiyi, makapu awiri. Dzina lake ndi Bambo Alec. Amaganiza kuti ndaferedwa, n'chifukwa chake ndimalira pachitunda. Ndawafotokozera kuti ndimapemphera. Akuti akazi awo ankaimba kwaya, ndipo tchalitchi chawo pano amagulitsamo makapeti. Andipempha kuti ndikamapemphera ndizitchulako chiuno chawo chimene chimawapweteka.

Ndachitchula pomwepo, kapu ili m'manja. Avula chipewa. Galu wadya bisiketi yanga.

Kodi benchi ya m'munsi mwa phiri imawerengedwa ngati phiri? Ndikuona ngati inde.

Lachisanu

Chimfine chafika ndi katundu wake yense.

Zifukwa zoti lero ndisatuluke:
- fulati yathu ili pamwamba penipeni, ndipo lifiti inafa, ndiye kukwera ndimakwera kale
- pawindo la kukhitchini chitunda chimaoneka bwinobwino
- malemba amayamikiranso kupemphera m'chipinda
- Mose sanakwerepo phiri la ku Scotland

Ndagwada pafupi ndi hita, maso kuchitunda. Kufunda kwake! Ndadzidzimuka Tadala akundigwedeza, akuloza mutu wanga, "Mum, yer heid!" Pachipumi pali mizere ya hita ngati nyama yootcha pawaya.

Loweruka

Sindinadzuke. Tangawizi, ndimu, adyo, uchi. Chipinda chikununkha ngati msika wa Limbe.

Mayi Kachingwe atumiza mawu pagulu la amayi pafoni: "Mwana wathu ali kuphiri muno m'chisanu, timukumbukire. Ena muli m'mabulangete!" Amayi onse akuyankha ndi timanja topemphera ndi timoto. Ine ndikumvera ndili m'bulangete.

Bambo a Tadala akuti ndipinde maondo m'kati mwa bulangetemo, paoneke kaphiri. Sindikuwalankhula. Ndipotu ngakhale nditafuna, mawu akutha.

Ndatsimikiza mtima. Mawa ndikanena zoona zokhazokha: galu, matako, hita, zonse. Andiseke, koma bodza pa guwa ayi.

Lamulungu

Andiitana kutsogolo. Ndagwira maikolofoni, ndatsegula pakamwa kuti ndiulule. Chatuluka ndi "hhhh". Ndayesanso. "Hhhh." Maso akuchucha misozi ya chimfine, miyendo ikunjenjemera ndi kutentha thupi.

Nthungululu! Wa kiyibodi wayamba kuimba pansipansi. Mayi Kachingwe andikumbatira akulira, "Mwaona? Zimene waona kuphiri pakamwa sipangazinene!"

Ndapukusa mutu kukana. Akuti ndikudzichepetsa. Bambo a Tadala aweramira pansi, mapewa akugwedezeka, ndipo abusa awasisita pamsana poganiza kuti nawonso zawakhudza.

Chigamulo cha mpingo: kuyambira mawa amayi onse kuphiri, m'mawa uliwonse, mpaka Pasaka. Wotsogolera ndi ine. Awomba m'manja, andipempherera, andipatsa mandasi otsala.

Madzulo ano pa TV akuti mawa kugwa sinowo, chipale chofewa chija. Mayi Kachingwe atumiza uthenga kuti iwo sabwera, nyamakazi yawavuta. Azitikumbukira ali kunyumba.