Hadi Disiki Yanga Ili kwa Alamu

A Fanuelo, alamu anga a ku Boma amene anakwatira mlongo wanga Esinati, ndi amene anatenga hadi disiki yanga. Ndayamba ndi dzina lawo dala. Amene akukayika zimene ndilembe pano akwere pikapu adzafunse yekha ku Thambani kuno. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, nzeru zopekera bodza ndingazitenge kuti.

Ntchito yanga ndi yobena nyimbo m'mafoni ndi kuonetsa kanema kuseri kwa msika. Nyimbo, mafilimu ndi mavidiyo a maukwati a anthu, zonse zinkakhala m'hadi disiki, kabokosi kachitsulo ka m'kati mwa kompyuta, komwe muli kambale konyezimira kozungulira. Kambaleko kakaima, zonse zaima.

Tsiku lina la msika kanaimadi. Holo itadzaza, filimu ya karate ili pakati, munthu wadumpha mwendo uli patsogolo, basi n'kutsakamira m'mwamba momwemo. Anthu anayamba kunyamula mabenchi kuti andigende nawo. Ine ndinatsegula kabokosiko ndi mpeni wosendera chinangwa, n'kuimika njinga pa sitandi, n'kukoleka tcheni kukambale kaja, n'kuyamba kupalasa, ndipo munthu uja anatsika n'kumaliza kumenya mnzake, ndiye nditawonjezera mphamvu a karate onse anachita thukuta n'kuyamba kupempha madzi kwa oonerera, mphepo yotuluka m'kompyuta inaumitsa zovala za anamwino kuchipatala, inapitirira mpaka kwa Kanduku kumene manachesi anagwera okha m'madengu, ndipo mathiraki amene anali pamzere kuboda anawolokera ku Mozambiki madalaivala ake akusamba. Mukumva? Ine ndinangomwa thobwa, osatsika panjinga.

Zobwerera m'mbuyo ndinazitulukira mwangozi. Mkamwini wina anabwera kudzaona vidiyo ya ukwati wake, phazi langa linaterereka n'kupalasa chobwerera, basi ndalama za perekaniperekani zinadzuka pansi n'kulowanso m'matumba a eni ake, keke inalumikizika, abusa anameza mawu awo onse, ankhoswe anatuluka chafutambuyo, ndipo munthuyo potuluka m'holomo anali batchala. Apongozi ake atakumana naye panjira sanapatukire kutchire ayi, anangomufunsa kuti ndi mwana wa yani. Mukumva inu? Kuyambira pamenepo akamwini otopa ndi kulima minda ya eni ankafola pakhomo panga, ena atalongeza kale zikwama.

Kenako kunabwera Esinati. Anandiuza kuti a Fanuelo malipiro akangotuluka amaiwala njira ya kunyumba, ndipo ankhoswe atopa nazo.

"Achimwene, vidiyo yanga ya ukwati ija muli nayobe?"

Ndinati ilipo. Anati ndithire girisi tcheni, abwera Loweruka ndi katundu wake.

Sindikudziwa a Fanuelo anawatsina khutu ndani. Lisanafike Loweruka lija a Fanuelo anatsika pa kabaza, taye pakhosi, akumwetulira ngati munthu wofuna mavoti, atanyamula kanthu kopyapyala ngati bisiketi. Anati imeneyi ndi esesidi, ndi imene yalowa m'malo mwa hadi disiki masiku ano, ilibe kambale, ilibe chozungulira, siichita phokoso, ikagwa pansi siifa, ndipo andipatsa ulere chifukwa cha chibale. Ndinawafunsa kuti nanga tcheni ndizikoleka pati.

"Alamu, miyendoyo yagwira ntchito, ipumitseni," anatero.

Anakopera zonse kuchokera m'yakale ija. Pomaliza anati pali vidiyo imodzi yokha ikukana, ndiye atenga yakaleyo akaikakamize ku Boma, abweza Lolemba. Anaikulunga m'mpango, n'kundisiyira ndi fanta yomwe.

Esinati anafika katundu ali pamutu. Tinasaka m'kompyuta monse. Maukwati a Thambani yense analimo, ngakhale a anthu amene anamwalira kale, koma wake munalibe. Ndinati mwina chinthu chatsopanochi chikhoza kukumbukira chokha, ndiye ndinachimangirira kutayala ndi mphira n'kupalasa chobwerera mpaka tayala linafuka utsi, tsiku la msika linabwerera dzulo lake, mbuzi imene inali itapachikidwa kale pabutchala inatsika n'kuyamba kudya makoko a nthochi, koma pakanemapo mkwati ndi mkwatibwi wa eni anangopitiriza kuvina kulowera kutsogolo. Chinthu chopanda chozungulira simungachibweze. Esinati anasenza katundu wake n'kukakwera pikapu ya ku Boma, osanditsanzika.

Zoti esesidiyo ndi yabwino sindikana. Kompyuta imayaka chala chisanafike pa batani, nyimbo imalowa m'foni kasitomala asanaitchule dzina, batire la sola ndimafika nalo madzulo. Koma akamwini onse anabwerera kuminda ya apongozi awo, ndipo mlongo wanga akadali kwa munthu uja, akumuchapira ndi kumusitira. Ndikawaimbira a Fanuelo amati ali mumitingi. Malolemba adutsa ambirimbiri. Hadi disiki yanga sanabweze.