Nkhondo ya Thaulo la Vitus

Tcherani khutu inu a ku Dambe, inu a pa Kamwendo, ndi inu nonse amene mumagona m'malole pa boda podikira chidindo. Imitsani njinga zanu inu akabaza, pakuti ndikufuna ndisimbe za nkhondo imene inagwedeza dziko la Mchinji m'mwezi wa Okutobala, m'masiku amene dzuwa linkafewetsa phula pamsewu, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, mango asanapse koma akugendedwa kale.

M'masiku amenewo kunachitika chikondwerero chachikulu cha nyimbo pabwalo la mpira, kuseri kwa msika wa Kamwendo. Nsanja inamangidwa pamwamba pa ngolo ziwiri za lole, zokuzira mawu zinasanjikizidwa mpaka kupitirira denga la chigayo, ndipo anthu anadzaza bwalo lonse kotero kuti munthu akafuna kudzikanda ankakanda mnzake.

Khamu la ku Mchinji silibisa maganizo ake. Itayimba kwaya ya amayi, anthu anawomba m'manja mwaulemu uku akutafuna nzimbe. Atakwera anyamata atatu a nyimbo zolankhula mothamanga, mabuluku ali m'munsi mwa matako, bwalo lonse linafuula ndi mawu amodzi kuti, "Kwezani buluku!" ndipo zitsononkho za chimanga chootcha zinawaperekeza mpaka kumasitepe. Litafika gulu la ku Zambia ndi atsikana ake ovina chiuno, amuna ambiri anaiwala kuphethira, ndipo makutu ambiri anapotokoledwa ndi eni ake a amunawo. Koma onsewa anali ongokonza njira. Amene anthu ankadikira anali Vitus Kamphepo, Mwini Gitala Lolira Ngati Wamasiye, amene nyimbo zake zinasweka nazo mitima kuyambira ku Mkanda mpaka ku Chipata.

Kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi chingwe chotchinga nsanja, panayima ngwazi ziwiri zosadziwana.

Yoyamba inali Mayi Keziya Mbewe a ku Dambe, Wozula Mtedza Osawongoka Msana, Mantha a Ogula Mbewu Obera Sikelo, mayi amene anagwetsapo tonde ndi dzanja limodzi, dzanja linalo likuyankha foni. Amuna awo, a Stefano, ndiwo ankakonda Vitus koposa munthu aliyense m'boma lonse, koma sabata ziwiri chikondwerero chisanafike anagwa pangolo nathyoka mwendo. Ali gone pamkeka, mwendo uli m'chikhakha, anagwira dzanja la akazi awo misozi ikulengeza.

"Mayi a Dyna, pitani mukandionere," anatero. "Koma musabwere chimanjamanja. Mundibweretsere kanthu kalikonse kamene Vitus wakhudza, ngakhale chitsekerero cha botolo."

Ngwazi yachiwiri inali Bambo Jobson Tembo, Mfumu ya Matayala Makumi Awiri ndi Awiri, Wodzutsa Midzi ndi Hutala, mwamuna wa mimba imene inkafika pamalo iye asanafike. Anabadwira ku Mchinji koma anakwatira ku Chipata, ndipo ukwati wake unali utapachikika pa ulusi. Chaka chapitacho anauza mkazi wake Triza kuti ali ku chikondwerero chomwechi, koma mlamu wake anamupeza kwina, ndi munthu wina, kumene kunalibe gitala ngakhale limodzi. Choncho m'mawa wa tsikulo Triza anali atanena pafoni mawu ochepa koma olemera: "Ba Jobson, manje mubwere na umboni. Ngati palibe, katundu wanu muzaupeza panja."

Dzuwa litapendeka pang'ono, Vitus anakwera pansanja atavala suti yoyera, ndipo bwalo linachita misala. Amayi anamasula zitenje nazikupiza m'mwamba. Mkulu wina wa mpingo anaoneka akuvina atabisa nkhope ndi chipewa, koma aliyense anamuzindikira ndi mwendo. Vitus anayimba nyimbo zisanu ndi ziwiri, thukuta likutsika ngati madzi a padenga, ndipo pomaliza anatenga thaulo lobiriwira limene linali pakhosi pake, napukuta nkhope, khosi ndi m'khwapa monse muwiri, nalizunguza katatu, naliponya kwa anthu.

Inu amene simunalione thaulo lija likuuluka, simunaone kanthu! Manja zikwi anakwera kumwamba ngati chimanga cha m'dimba, koma awiri okha ndiwo anagwira. Mayi Keziya anagwira nsonga ya kummawa, Bambo Jobson nsonga ya kumadzulo.

"Pepani bambo, mwagwira thaulo langa," anatero Mayi Keziya, akumwetulira kumwetulira kumene ogula mbewu amakudziwa bwino.

"Iyayi amayi, ndinu mwagwira langa," anayankha Bambo Jobson. "Vitus anayang'ana ine."

"Anayang'ana inu? Mimba yanuyo ndiye anaiona, poti yatchinga theka la bwalo!"

Pamenepo Mfumu ya Matayala inakunga nsonga yake kudzanja kawiri, ninyamula dzanja linalo kumwamba, nilengeza mokweza kuti onse amve: "Imvani inu a Malawi ndi inu a Zambia! Ine Jobson mwana wa Tembo ndatsika mapiri mabuleki atafa, ndagona masiku asanu ndi anayi pa boda ndikudya mabisiketi okhaokha, ndasintha tayala mvula ya matalala ikundiwomba pamutu. Sindinasiyepo chiwongolero, ndipo thaulo ili sindisiya, ngakhale dzanja lithothoke!"

Wozula Mtedza anavula masilipasi, nakhazika mapazi m'fumbi, nayankha: "Imvani nanunso! Ine Keziya mwana wa Mbewe ndabereka ana asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo panjira ya kuchipatala. Ndalimbana ndi chiswe, anankafumbwe ndi apongozi. Bambo awa akuti dzanja lithothoke? Lithothoke ndithu, ndipita nalo ku Dambe pamodzi ndi thaulo!"

Mmenemo nkhondo inayamba. Kumbuyo kwa Mayi Keziya kunafola amayi a ku Dambe, aliyense atagwira chiuno cha mnzake, kenako akabaza a pa Kamwendo, amene anali ndi mangawa akale ndi madalaivala chifukwa chowopsezedwa ndi hutala pamsewu. Kumbuyo kwa Bambo Jobson kunafola madalaivala, amalonda a zitenje ochokera ku Chipata, ndi mwamuna wina woledzera amene ankaganiza kuti ndi mzere wa chipisi. Anakoka. Fumbi linakwera mpaka kuphimba dzuwa. Gulu la Dambe linalanda mayadi atatu, gulu la boda linabweza awiri. Dengu la mandasi linagwa pakati pa nkhondo ndipo silinaonekenso, ngakhale ena amati asilikali a mbali zonse ziwiri anaoneka akutafuna. Thaulo lokha, lolukidwa ndi manja osadziwika kudziko lakutali, linakana kung'ambika.

Pa nthawiyo pansanja panali patakwera Anasi, mtsikana wa mawu okoma amene anakonzekera tsikuli miyezi itatu. Anayimba nyimbo yake yoyamba kwa misana ya anthu. Anayimba yachiwiri kwa misana yomweyo. Pakati pa yachitatu anaimitsa oimba ake nalankhula m'chokuzira mawu.

"Kodi anthu inu, ndakwera minibasi kuchokera ku Lilongwe kuti ndidzayimbire zidendene zanu?"

Palibe anatembenuka. Anasi anayang'ana woimba ng'oma, woimba ng'oma anayang'ana Anasi, ndipo anayamba kuimba motsatira nkhondoyo: "Kokani Dambe, kokani! Kokani boda, kokani!" Bwalo lonse linavomereza, ndipo amene analipo amachitira umboni kuti imeneyo ndiyo nyimbo imene inavinidwa kwambiri tsiku limenelo, kuposa za Vitus yemwe, amene pa nthawiyo anali atakwera kale galimoto osadziwa kuti thukuta lake lagawa mitundu.

Koma dzuwa la Okutobala silikondera mbali. Mmodzimmodzi asilikali anayamba kugwa ndi ludzu nathawira kwa ogulitsa madzi ozizira ndi mafirizesi, mpaka ngwazi ziwiri zija zinatsala zokha, zitakhala pansi m'fumbi, zikupuma ngati ng'ombe za pangolo, thaulo lili kungikungi pakati pawo.

"Amayi," anatero Bambo Jobson ndi mawu otsika, "ndikupemphani. Ndikapanda kupita nalo ili, banja langa latha. Mkazi wanga sandikhulupiriranso, ndipo mlandu ndi wanga."

Mayi Keziya anapukuta fumbi kumaso ndi dzanja linalo. "Amuna anga ali gone ndi chikhakha," anatero. "Zaka makumi awiri ndi zitatu sanandipemphepo kanthu, koma ichi chokha. Ndikawauza chiyani?"

Koma palibe anamasula chala ngakhale chimodzi.

Apo ndi pamene anatulukira a Kefasi, ejenti wa pa boda wokonza mapepala a katundu, Mwini Zolembera Zinayi M'thumba la Malaya, munthu amene anawolotsapo chigayo chathunthu polemba kuti ndi zida za kukhitchini. Anamva mbali zonse ziwiri atatseka maso, kenako anatsokomola.

"Nkhaniyi ndi ya katundu wodutsa," anatero. "Mwendo umadikira, pakuti chikhakha sichichoka mawa. Ukwati sudikira. Thaulo lipite kaye ku Chipata masiku asanu ndi awiri, likachite umboni, kenako libwerere ku Dambe kukakhazikika. Ndipo lisachapidwe, pakuti mphamvu yake ili m'thukutamo."

"Nanga akapanda kubwera nalo?" anafunsa Mayi Keziya. "Madalaivala timawadziwa."

"Asiye chikole."

Bambo Jobson anapereka wotchi, Mayi Keziya anakana. Anapereka chipewa, anakana. Pomaliza anatchula jeke ya lole, chitsulo cholemera ngati mwana wa ng'ombe, chimene dalaivala sayenda ulendo wautali popanda icho. Panganolo linalembedwa kuseri kwa chikatoni, ndipo jeke inapita ku Dambe pa kabaza, mwini njinga akuyenda pansi akukankha ndi kutukwana.

Ku Chipata, Triza analandira thaulo ndi zala ziwiri. Analinunkhiza kamodzi nabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Kenako anaonetsa mwamuna wake foni, mmene munali kanema wa nkhondo yonse, wotumizidwa ndi mlamu yemwe uja: Jobson ali m'fumbi, akukokana ndi mayi wopanda nsapato.

"Nakhulupirira," anatero Triza. "Mwamuna amene ali na chibwenzi sangazichititse manyazi so."

Bambo Jobson anagona tulo ta munthu wokhululukidwa. Koma m'mawa atatuluka panja, anagwira mutu ndi manja awiri, pakuti pachingwe, pakati pa masiketi ndi masokosi, panali thaulo la Vitus, lochapidwa, laukhondo ngati mtima wa khanda, likudontha madzi a sopo wonunkhira maluwa.

"Triza! Wapha pangano la mayiko awiri!"

"Chinthu chonunkha mbuzi sichigona m'nyumba mwanga," anayankha Triza osatembenuka.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, mutu wa lole unalowa m'njira yafumbi ya ku Dambe, hutala ikulira, akabaza khumi ndi awiri akuperekeza, amayi akulula nthungululu. A Kefasi anakhala kutsogolo atanyamula thaulo pa thireyi, litavindikiridwa ndi nsalu ya patebulo. A Stefano ananyamulidwa ndi mkeka womwe nakhazikidwa pansi pa mtengo wa mango, mwendo wa chikhakha utatsamira pa jeke, imene m'masiku amenewo inali itapeza ntchito yatsopano.

Mayi Keziya anavundukula thireyi. Fungo la maluwa linawafika m'mphuno, ndipo anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana Bambo Jobson. Mfumu ya Matayala, imene inatsika mapiri mabuleki atafa, inayang'ana pansi niyamba kuyeza ndi maso mtunda wokafika ku lole.

Koma a Stefano anali atatambasula kale manja onse awiri. Analandira thaulo, naliika kumaso, nakoka mpweya wautali atatsinzina. Atatsegula maso, misozi inali ikutsika.

"Mayi a Dyna," anatero, "ndinkakuuzani ine, inu nkumatsutsa. Anthu aluso satuluka thukuta ngati lathuli. Tanunkhizani! Maluwa okhaokha!"

Thaulo linayenda kuchoka mphuno ina kupita mphuno ina, ndipo aliyense anavomereza kuti Vitus ndi munthu wosiyana ndi anthu. Mayi Keziya anayandikira Bambo Jobson, nawagwira chanza mwamphamvu mpaka zala zinalira, nanong'ona akumwetulira kwa anthu:

"Mukadzangoyerekeza kuwauza, nkhondo iyambiranso. Ndipo mukawafunse akazi anu dzina la sopoyo."