Denga la Apongozi ndi Tsiku Loyambira

Mpaka pano ndikamadutsa pamsika wa Limbuli pali anthu ena amene amandipatsa moni wakuti, “Mwadzuka bwanji a pawindo?” Ndimangoyankha kuti ndadzuka, nanga nditani. Koma poti nkhaniyi ikukambidwa mokhota, ndati ndiifotokoze mwiniwakene.

Ine ndine kalaliki pa esiteti ina ya tiyi, ndipo ndimakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, mayi a Tadala. Nyumba yathu ndi ya apongozi aakazi zili pabwalo limodzi. Apongozi anga ndi achikale kwambiri. Mkamwini sayang’anana nawo kumaso, sadyera nawo pamodzi, ndipo tikakumana panjira wina amapatukira kutchire (kawirikawiri ndimakhala ine, ngakhale pakhale chitedze). Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo mokweza, ine ndili pomwepo.

Chaka china mnzanga wa ku ofesi, a Muhiwa, anandiikira kapulogalamu kena mufoni. Kalibe zithunzi, kalibe zokongoletsa. Umangolemba mawu wamba, ntchito iliyonse pamzere wake, ukaimaliza n’kuika x kutsogolo. Chimene chinandigwira mtima ndi ichi: ukalemba chilembo cha t ndi timadontho tiwiri kumapeto kwa mzere, kenako deti, ntchitoyo imabisala. Siionekanso mpaka tsiku loyambiralo litakwana.

“Mutu umapepuka, achimwene,” anatero a Muhiwa. “Umangoona za lero basi.”

Sananame. Mutu unapepukadi, mwina mopitirira.

Tsiku lina mu Meyi ndikupukuta njinga, ndinamva apongozi akulankhula ndi mayi a Tadala, nkhope ataloza kumtengo wa mapeyala.

“Iwe, denga langali chaka chatha linkadontha. Kaya pamudzi pano pali mwamuna, kaya.”

Ndinamva ndithu. Ndinatulutsa foni pomwepo n’kulemba kuti: kufolera nyumba ya apongozi. Kenako ndinaganiza mwaukalaliki. Denga timafolera mvula ikayandikira, ndiye mzere umenewu uzindiyang’aniranji miyezi yonseyi? Ndinauika tsiku loyambira mu Okutobala. Ndinangodina, mzere uja zii. Ndinamva kukoma ngati ndafolera kale.

Mu Juni mayi a Tadala anandiuza kuti, “Bambo a Tadala, anzanutu akumweta udzu kudambo.”

Ndinatsegula foni n’kuwaonetsa. “Taonani nokha. Pali za udzu apa? Lero ndilibe ntchito ine.”

“Foniyo imadziwa kuti anyamata osaka mbewa ayamba kutentha tchire?”

“Mayi, zonse zili mundondomeko.”

Mawu amenewa ndinawabwerezanso mu Julayi ndi mu Ogasiti, utsi uli tolo kudambo. Apongozi sanabwerezenso. Kwa iwo kunena kamodzi kuja kunali kale kulankhula kwambiri.

Okutobala atafika, mzere uja unatulukira m’mawa ngati mlendo wosaitanidwa. Sabata imeneyo kuntchito kunali kotanganitsa, ndiye ndinangosintha manambala awiri, mzerewo n’kubisalanso. Utatulukanso ndinaukankhanso (musandiweruze, chala chimazolowera). Kachitatu ndinadzuka Loweruka n’kuona mitambo itaunjikana paphiri.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene mpaka lero sindichimvetsa. Pofuna kuti mudzi wonse uone kuti mkamwini wayamba ntchito, ndinakwera padenga la apongozi n’kusasula udzu wakale wonse. Wonse! Unali wofumbwa, unkangoyoyoka m’manja. Nyumba inatsala mitengo yokhayokha, matumba a nandolo a apongozi akuonekera mkati. Ndinatsika, ndinasamba, n’kupalasa njinga kupita kumsika kukagula udzu watsopano.

“Udzu?” anatero bambo wina wogulitsa nsungwi ndi mitengo. “Mwezi uno? Bwana, mwangofika kumene kuchokera ku Joni?”

“Ayi, ndine wa konkuno.”

“Ndiye simunaone moto? Amene ali nawo anasungira nyumba zawo. Ngakhale mutawoloka malire simuupeza.”

Ndinazungulira msika wonse thukuta lili kamukamu. Mayi wina anali ndi timitolo tiwiri toti sitingafolere ngakhale khola la nkhunda. Mapeto ake ndinagula chipepala chakuda cha pulasitiki, ndinakachiyala padenga n’kutsindira ndi njerwa. Ndinauza mayi a Tadala kuti n’zongoyembekezera.

Lamulungu masana tikuchokera kutchalitchi kunabwera chimphepo chochokera kuphiri. Ndinaona ndi maso angawa chipepala chija chikunyamuka, chikudutsa pamwamba pa nthochi, ulendo wa kumunda wa tiyi. Njerwa zinagwera mkati, imodzi n’kuswa mtsuko. Kenako mvula. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo tsiku limenelo inandionadi. Tinathamangitsa matumba a nandolo, mphasa, zofunda, koma zonse zinali zitanyowa kale.

Apongozi akanagona kuti? Anasamukira pabalaza pathu.

Tsono nyumba yathu ili ndi khomo limodzi, ndipo kuchokera kuchipinda kupita pakhomopo umadutsa pabalaza. Ndikanawalumpha bwanji apongozi ali gone pamphasa, munthu amene ngakhale panjira ndimamupatukira? Kuwonjezera apo manyazi anali atandigwira. Ndinayamba kutulukira pawindo la kuchipinda. M’mawa uliwonse ndinkaponya kaye nsapato ndi chikwama, kenako mwendo, kenako kalaliki yense ndi tayi yemwe.

Patapita masiku angapo, bambo wina woyandikana nafe anandikokera pambali kuntchito, nkhope ili yachisoni.

“Achimwene, pepani, si kuti ndikufuna kupasula banja. Koma kwanu kukumatuluka mwamuna pawindo m’mamawa. Akazi anga amuona kawiri.”

“Ndine ndemwe,” ndinatero.

Pofika madzulo nkhani inali itafika kwa othyola tiyi onse.

M’mawa wotsatira ndinaponya nsapato monga mwa masiku onse, n’kutulutsa mwendo ndi mutu. Lamba anakola pamsomali. Ndili lende choncho, ndinakweza maso. Apongozi anali atakhala pansi pawindo pomwepo, lichero pamiyendo, akusankha nandolo amene anali atayamba kumera. Nsapato yanga imodzi inali m’lichero.

Tinayang’anana. Zaka zonse za ukwati wanga ndinali ndisanaonepo bwino nkhope yawo, ndipo ndinaona kuti maso awo ndi a Tadala enieni. Anachotsa nsapato ija, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje n’kuiika pansi. Kenako analankhula, osati kwa mwana wawo, osati kwa mtengo wa mapeyala, koma kwa ine.

“Bambo, muzitulukira pakhomo. Ulemu umene ndinkafuna ine unali wa padenga.”

Kunena zoona ndikanakonda akanandimenya ndi lichero lija. Ndinalephera kutuluka, ndinalephera kubwerera, mpaka mayi a Tadala anachita kundikoka miyendo akuseka misozi ili mbwembwembwe.

Njinga ija ndinagulitsa, tinagula malata, ndipo amisiri anakhoma sabata yomweyo. Panopa kuntchito ndimapita wapansi. A Muhiwa amati vuto silinali kapulogalamu, ndikanalemba mzere wa kumweta udzu pawokha ndi deti la mu Juni. Mayi a Tadala amati vuto silinali mzere.

Tsiku lomwe apongozi anabwerera m’nyumba yawo ndinalemba mufoni kuti: kukagwada kwa apongozi n’kupepesa. Ndinaona kuti nkhani yotere imafuna mitima iyambe yazizira, ndiye ndinaiikira tsiku loyambira. Linakwana kale kawiri.